Nkhwangwa Imaiŵala, Chitsa Sichiiŵala

Ana athu a sukulu akapita ku Lilongwe amakaima pansi pa chiboliboli cha Dr. Hastings Kamuzu Banda, chimene adachiimika m'chaka cha 1964 ayi, koma cha 2009, atamwalira kale. Amayang'ana m'mwamba, naona ngwazi yokhayokha. Abale, chiboliboli ndi mphunzitsi wosayankhula, ndipo mphunzitsi ameneyu akuphunzitsa theka la choona.

Palibe akukana kuti Kamuzu adaphwanya Chitaganya, natifikitsa pa ufulu mu 1964. Koma ulamuliro womwewo ndiwo udatsekera anthu ku Mikuyu popanda kuŵazenga mlandu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Mwanza, ife nkuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Nafenso kuno ku Balaka tili ndi chipsera chathu: maepiskopi atatulutsa kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, nyumba ya a Montfort imene idasindikiza kalatayo idatenthedwa.

Ena akuti zakale zisiyeni. Tiyeni tione kwa anzathu. Mu mzinda wa Memphis ku Amereka, mu 1905 adaimika chiboliboli cha Nathan Bedford Forrest ali pa kavalo, pomtama kuti anali katswiri wotsogolera asilikali a pa akavalo m'nkhondo yapachiŵeniŵeni ya 1861 mpaka 1865. Sadalembepo kuti ankagulitsa akapolo, kapena kuti adatsogolera gulu lozunza anthu akuda la Ku Klux Klan. Zidzukulu za akapolo zidadutsa pamenepo zaka 112 zili ndi chinthu kukhosi, mpaka chibolibolicho chidachotsedwa mu 2017. Chilonda chobisa chimanyeka.

Sindikunena kuti cha Kamuzu tichigwetse. Bwalo la milandu lidampeza wosalakwa pa za ku Mwanza mu 1995, ndipo mu 1996 iye mwini adapepesa Amalaŵi chifukwa cha zoŵaŵa za m'nthaŵi yake. Nanga ngati mwini wake adapepesa, ife ndife yani kuti tibise chimene adapepesera?

Pambali pa chibolibolicho boma liimike mwala wolembedwa maina a amene adaphedwa ndi amene adamangidwa popanda mlandu. Tsono inu makolo a kwa Nsamala, musadikire mwala umenewo. Madzulo ano ŵauzeni ana anu zonse ziŵiri, ufulu ndi misozi yomwe. Paja imaiŵala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiŵala.