Nkhondo ya ku Mozambique ndi mtengo umene mlimi wa kwa Mwase analipira

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, Joaquim Chissano wa chipani cholamula cha Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa gulu loukira boma la Renamo anasaina pangano lothetsa nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique. Padutsa zaka zoposa 30, ndipo ambiri mwa alimi amene akutengera mabelo a fodya kumsika wa Chinkhoma lero nkhondoyo amangoimva kwa makolo. Nthawi yakwana yoti ife a kwa Mwase tiunike modekha zimene tinalonjezedwa ndi zimene tinakolola.

Pamene America ndi Soviet Union ankalimbirana dziko lapansi, Dr Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, sanabise mbali yake. Anakana chikomyunizimu, anapanga ubale ndi Taiwan mu 1966, ndipo chaka chotsatira anagwirana chanza ndi boma la tsankho la South Africa. Lonjezo linali mtendere, abwenzi odalirika ndi chuma chochokera m'nthaka. Zina zinachitikadi. Ngongole za South Africa zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe ndi njanji yotilumikiza ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970. Maesiteti a fodya anafalikira m'zigwa za Kasungu, ngakhale kuti malo ambiri anali a makolo, ndipo midzi ina mpaka lero ikudandaula.

Kutsidya kwa malire zinthu zinayenda mwina. Frelimo italandira ufulu wa Mozambique mu 1975, inalengeza mu 1977 kuti itsata mfundo za Marx ndi Lenin, ndipo zida inkalandira ku Soviet Union. Renamo inaleredwa ndi azungu a ku Rhodesia, ndipo kuyambira 1980 South Africa ndiyo inkaipatsa mfuti, ikunena kuti ikutchinga chikomyunizimu. Pofika 1984 njanji za Beira ndi Nacala zinali zitaduka. Fodya wa kwa Mwase anayamba kuyenda pa magalimoto mpaka ku Durban, ndipo feteleza ankabwera njira yomweyo. Ndalama za ulendo wautaliwo sizinatuluke ku Moscow kapena ku Washington. Zinatuluka m'thumba la mwini esiteti, amene anazibweza pa tenanti. Munthu amasoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii, koma tsiku la malipiro bwana akachotsa za chimanga, feteleza ndi khasu, zotsala sizikwana n'zobwerera kwawo zomwe.

Mu Seputembala 1986 Samora Machel wa ku Mozambique, Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Kamuzu kuti Renamo ikudutsa m'dziko muno. Boma linakana. Mwezi wotsatira Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo mu 1987 asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala, kumene ena anasiya moyo. Othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi anadzaza Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Amene anawapatsa malo, nkhuni ndi madzi anali anthu wamba, osauka ngati alendo awowo, ndipo ulemu wa nthawi imeneyo ndi wawo.

Soviet Union itagwa mu 1991, abwenzi aja anatembenuka. Mu Meyi 1992, ku Paris, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo la chitukuko chifukwa cha kuphwanyidwa kwa ufulu wa anthu, nkhanza zimene ankazidziwa kalekale koma n'kumayang'ana kumbali. Kukakamiza kwawoko kunathandiza kuti tifike pa referendamu ya 1993, ndipo sitikukana. Koma kunaonetsanso kuti ankatikonda chifukwa cha mdani wawo, ndipo mdaniyo atatha, ubalewo unasintha.

Lero mpikisano uli pakati pa America ndi China, dziko limene tinapanga nalo ubale kumapeto kwa 2007 titasiya Taiwan. Maso a mayiko olemera ali pa miyala ya ku Kasiya, Kangankunde ndi Kayelekera. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, mfuti zakhala zikulira kuyambira 2017, chonsecho fodya wathu, mafuta ndi feteleza zikudalirabe madoko a Beira ndi Nacala. Choncho boma likamasaina mapangano atsopano, aphungu a Kasungu afunse kuti mapanganowo awerengedwe poyera ku Nyumba ya Malamulo, ndipo afunsenso kuti njira ya kunyanja ikadzadukanso, katundu wathu adzadzera kuti ndipo adzalipire ndani.