Laputopu Yafa? Funsani Kaye Kuti Chafa N'chiyani

Anzanga a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, mawu akuti "laputopu yafa" ine sindigwirizana nawo. Laputopu ili ndi ziwalo zingapo: batire, sikirini, kiyibodi, fani, chosungira mafayilo ndi motherboard. Kawirikawiri chimawonongeka ndi chimodzi chokha, ndipo chimasinthika.

Kuno kuchigwa adani athu ndi kutentha ndi fumbi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Purosesa ikamagwira ntchito imatentha, ndipo fani imakankhira mpweya wotenthawo kunja. Fumbi likatseka timabowo, purosesa imachepetsa liwiro, kenako makina amazima okha kuti asapse. Ndiye laputopu yomwe imangozima masana mwina ikungofuna kuchotsedwa fumbi m'kati ndi kupakidwa thermal paste watsopano. Batire ya lithium-ion nayonso imatha mphamvu msanga pamalo otentha. Ngati laputopu ikuyaka mukalumikiza chaja, kawirikawiri vuto limakhala batire.

Nanga sikirini ikangoti bii? Lumikizani laputopuyo ku TV ndi waya wa HDMI. Zithunzi zikaoneka pa TV, ndiye kuti motherboard ili moyo, chawonongeka ndi sikirini kapena waya wake.

N'chifukwa chiyani ndikukakamira zokonzetsa? Malaputopu amachokera kunja, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake inathawa. Makolo amene amagulitsa mpunga kapena nsomba kuti mupeze fizi sangagule ina chifukwa cha fani yodzadza fumbi.

Komabe sindikunena kuti chilichonse chikonzedwe. Motherboard ikapsa ndi madzi kapena mphenzi, kukonza kumadula, ndiponso vuto limatha kubwerera. Muyeso wanga ndi uwu: ngati wokonza watchula ndalama zoposa theka la mtengo wa laputopu ina yofanana nayo, gulani ina.

Ena amati yakale ndi yongotaya chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zoonadi, makina ambiri akale sakwanitsa zofunika za Windows 11. Koma Linux Mint ndi yaulere, ndipo imayenda bwinobwino polemba manotsi ndi kuwerenga pokonzekera MSCE.

Mukaganiza zoisiyadi, chotsanimo kaye chosungira mafayilo, chifukwa manotsi anu akhoza kukhala alimobe. Batire musaiboole kapena kuiponya pamoto ayi, imatha kuphulika.