Za Pakhomo Pathu: Kuyeza Mwana N'kwapafupi, Kulangiza Kholo Ndiye Ntchito

Makolo anzanga, kuyambira kale mwana wonenepa takhala tikumuona ngati umboni wakuti pakhomo pali mwanaalirenji. Agogo akamnyamula namva kulemera, mtima wawo umakhala pansi. Sitingaŵadzudzule, pakuti iwo anaona ndi maso awo ana akutupikana ndi njala. Koma nthaŵi zasintha, ndipo kunenepa kopitirira muyeso kwasanduka nthenda ya ana m'maiko ambiri.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 oposa 390 miliyoni anali olemera kupitirira muyeso. Kuno kwathu kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira ndipo pafupifupi 5 anali olemera kopambana. Motero tasenza akatundu aŵiri pamutu umodzi. Mwana wonenepa kwambiri kaŵirikaŵiri amakula nako kunenepako, ndipo kumamtsegulira khomo la matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Kuika mwana pa sikelo ndi kulemba m'kabuku kake sikuvuta. Chovuta ndicho kuuza mayi amene wadzimana kuti mwana wake adye, kuti chakudyacho chikumpweteka. Dokotala akalankhula mokalipa, mayiyo amachita manyazi ndipo mwezi wamaŵa sabweranso. Akaopa kukhumudwitsa nakhala chete, nthendayo imakulira m'kachetechete momwemo.

Chifukwa chake madokotala a ana m'maiko ena akuphunzitsidwa kalankhulidwe monga momwe amaphunzirira za mankhwala. Njira imodzi inayambitsidwa ndi William Miller m'chaka cha 1983 pothandiza anthu omwa moŵa mwauchidakwa. Iye anaona kuti munthu amasintha msanga pamene chifukwa chosinthira chatuluka m'kamwa mwake momwe. M'chaka cha 2023 bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics linalimbikitsa njira yomweyi pa nkhani ya kunenepa, ndipo linati uphungu umapindula koposa ukafika maola 26 kapena kuposerapo, m'miyezi 3 mpaka 12. Ulendo umodzi wa kuchipatala sukwanira.

Dokotala wophunzitsidwa chotere amayamba wapempha chilolezo chokambirana za kulemera kwa mwana. Kenaka amafunsa: Kodi mwanayu amadya chiyani popita kusukulu? Amaphika ndani? Amaseŵera nthaŵi yanji? Akamva zonse, amalola banja kusankha chinthu chimodzi chimene lingathe kusintha, monga kuleka zakumwa zotsekemera ndi kubwerera ku madzi. Sasiyanitsa mwana yekha ndi abale ake pa mphasa. Banja lonse limasintha pamodzi.

Kwathu kuno madokotala a ana ngochepa, ndipo amene amaonana ndi makolo mwezi ndi mwezi ndiwo anamwino ndi alangizi a zaumoyo a kusikelo. Luso limeneli liyenera kufika kwa iwoŵa, osathera ku Kamuzu University of Health Sciences kokha.

Nafenso makolo tili ndi mbali yathu. Tikauzidwa kuti mwana walemera kopitirira, tisayese chipongwe. Tisamgoneke ndi njala kapena kumtchula maina onyoza, pakuti bala la mumtima silipola msanga. Timpatse zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, ndiwo zamasamba ndi zipatso zisasoŵe. Ndalama ya tchipisi ndi maswiti ingathe kugula nthochi kapena mbatata. A WHO amalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse. Mpira, fulaye ndi phada n'zokwanira, malinga wailesi yakanema ndi lamya zisamtsekere m'nyumba.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Mwezi uno mukapita kusikelo, funsani nokha ngati kulemera kwa mwana wanu kukugwirizana ndi msinkhu wake, ndipo agogo akakhale nanu pomva yankho.