Osambira achuluka ku Senga Bay, koma akuwayang'anira ndani?

Likakwana tsiku la tchuthi, makamaka la Anakubala pa 15 October, Khrisimasi kapena Chaka Chatsopano, msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima umadzadza ndi maminibasi, malole ndi galimoto zing'onozing'ono. Magulu a kwaya, ana asukulu, amayi a banki m'khonde ndi mabanja, onse amakhala ali pa ulendo wa ku Senga Bay kukasambira ndi kukadya chambo chootcha.

Ambiri amabwerera kwawo akuimba. Koma si kamodzi kapena kawiri pomwe tchuthi chikatha apolisi alengeza kuti wina wamira m'nyanjamo, ndipo galimoto yomwe idanyamuka ndi nthungululu imabwerera ndi maliro.

Pomwe boma likulimbikitsa ntchito zokopa alendo pamodzi ndi ulimi ndi migodi, funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: kodi alendo akafika pamadzipo, amawayang'anira ndani? Yankho lina lingapezeke poona momwe maiko ena amasamalira madzi oopsa kuposa a ku Senga Bay.

Ku Mexico, m'chigawo cha Yucatán, muli maiwe zikwizikwi otchedwa cenote omwe ali m'kati mwa nkhalango. Nthaka ya kumeneko ndi ya miyala ya laimu yomwe madzi a mvula amaidya pang'onopang'ono mpaka pansi pamapangika phanga. Denga la phangalo likagumuka, pamatsala chidzenje chodzadza ndi madzi oyera mbee. Kale anthu a mtundu wa Maya ankatunga madzi m'maiwewa, ndipo padziwe la ku Chichen Itza ankaponyamo nsembe. Lero alendo amalipira ndalama kuti asambiremo, ena n'kumabira m'mapanga a pansi pa madzi atabereka masilinda a mpweya.

Dziwe lotere lilinso pafupi, ku Zimbabwe, dziko lomwe kuli Amalawi ambiri omwe makolo awo adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Pamtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Harare pali mapanga a Chinhoyi, ndipo m'kati mwake muli dziwe lomwe eniake amalitcha Chirorodziva. Madzi ake ndi obiriwira ngati thambo, kutentha kwake kumakhala madigiri 22 chaka chonse, ndipo akatswiri adabirapo mpaka kupitirira mamita 100 kupita pansi.

Chofunika kudziwa n'chakuti pa Chirorodziva munthu samangofika n'kuvula malaya. Malowa ali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo otetezedwa. Mlendo wamba amalipira pachipata n'kukaona dziwelo ndi maso, ndipo wofuna kubira amayenera kukhala wophunzitsidwa komanso wololedwa.

Malamulo amakhwima chonchi kaamba koti kubira m'phanga si masewera. Munthu akatsika mamita 10 okha, mphamvu yomwe imapanikiza thupi lake imawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Akachedwa pansi kenako n'kukwera mofulumira, mpweya wa nayitirojeni umachita thovu m'magazi ndipo akhoza kulumala kapena kufa kumene. M'phanga mulibe njira yothawira m'mwamba chifukwa pamutu pamakhala thanthwe, ndipo mwendo ukangovundula matope munthu saonanso ngakhale dzanja lake. N'chifukwa chake akatswiri amalowa atamanga chingwe choti chiwalondolere potuluka, ndipo mpweya amaugawa patatu: wolowera, wotulukira ndi wosungira ngozi.

Dziko lonse lidaona kuopsaku mu 2018 pomwe anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wawo adatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang ku Thailand. Onse adapulumutsidwa patatha masabata oposa awiri, koma Saman Kunan, yemwe kale adali msilikali wapamadzi wodziwa bwino kubira, adafera m'phangamo akukasiya masilinda a mpweya.

Salima satchuka ndi maiwe a m'phanga, koma ali ndi chokopa chomwe ku Yucatán ndi ku Chinhoyi kulibe. Zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'gulu la Lake Malawi National Park, malo omwe adakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. M'miyala yozungulira zilumbazi, komanso ya Namalenje pafupi ndi Senga Bay, mumakhala mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tomwe alendo amachokera kutali kudzationa atavala magalasi obirira.

Luso lobira nalonso lilipo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, malemu Stuart Grant ankatumiza mbuna zamoyo kumaiko akunja, ndipo likulu la ntchitoyi lidali ku Kambiri Point. Omwe ankatsika pansi kukagwira nsombazo adali Amalawi a m'mphepete mwa nyanja. Asodzi nawonso amabira kukamasula maukonde akakodwa m'miyala.

Kotero vuto si kusowa kwa anthu odziwa madzi. Vuto n'lakuti odziwawo ali pa ntchito zina, pomwe khamu la patchuthi limalowa m'madzi lokha. Dziwe la ku Chinhoyi lili ndi chipata chimodzi, koma gombe la Senga Bay n'lalitali ndipo madoko ake ndi ambiri. M'malo ambiri momwe anthu wamba amasambira mulibe chikwangwani chochenjeza, mulibe chingwe chosonyeza pomwe kuya kwayambira, ndipo mulibe munthu amene ntchito yake ndi kupenyetsetsa osambira basi.

Alendo ambiri a patchuthi adakulira kumtunda, ndipo madzi omwe adazolowera ndi a mumtsinje ofika m'mawondo. Sadziwa kuti mchenga womwe aponda ukhoza kutha mwadzidzidzi, kapena kuti m'miyezi yozizira mwera umautsa mafunde otha kugubuduza bwato. Sadziwa kuti pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango ndimo mumabisala ng'ona ndi mvuu. Ena amalowa m'madzi atalawa mowa, ena amakwera bwato lodzadza kupita kuchilumba popanda jekete loyandamitsa. Gombe nalonso limasintha: mu 2024 nyanja idakwera kwambiri mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'maboma a m'mphepete mwake, kotero pomwe munthu adaima bwino chaka china pakhoza kukhala pakuya akadzabweranso.

Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'chaka cha 2021, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse adali mwana wosafika zaka zisanu. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfa zoterezi. Chaka chomwecho bungwe la United Nations lidasankha 25 July kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira.

Ena anganene kuti malamulo a pamadzi amatheka ku Mexico ndi ku Zimbabwe kokha chifukwa kumeneko kuli zipata ndi malisiti. Koma chitsanzo chili m'boma la Salima momwemo. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu December n'kudzatsegulidwa mu April, mwambo womwe udayamba m'zaka za m'ma 1950. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Ngati mafumu ndi asodzi akwanitsa kuteteza utaka kwa zaka zonsezi, kuteteza mwana wa mlendo sikungawakanike.

Zofunika sizidya ndalama zambiri. Khonsolo ya Salima, mafumu, makomiti a m'madoko ndi eni malo ogona alendo akhoza kugwirizana malo oti anthu azisambirapo, n'kuwazinga ndi chingwe cha zigubu zoyandama. Anyamata odziwa kubira akhoza kuphunzitsidwa kupulumutsa womira ndi kumuthandiza kupuma, n'kumalipidwa kuchokera pa ndalama za pachipata kapena za poimika galimoto. Bwato lonyamula alendo lisamanyamuke popanda majekete okwanira aliyense.

Pomwe izi zikudikirika, udindo watsala m'manja mwa omwe akukonza ulendo. Safunsa adadya phula: gulu likafika, liyambe lafunsa asodzi pomwe pali pabwino kusambira. Munthu wamkulu mmodzi, wosamwa mowa, akhale pamtunda n'kumawerenga ana, chifukwa womira nthawi zambiri sakuwa, amangozimirira mwakachetechete anzake ali pafupi. Wosadziwa kusambira asapitirire pomwe madzi afika m'chiuno, ndipo dzuwa likalowa aliyense atuluke.

Mpingo kapena sukulu yomwe yasonkha ndalama ya minibasi, ya nsomba ndi ya zakumwa ikhale itasankhiratu munthu ameneyu galimoto isananyamuke.