Nkhokwe yakale saitentha asanasuzumiremo

Sabata yatha kunafika mwana wa mlongo wanga kuchokera ku Tsangano, atanyamula kachitsulo kokulunga m'nsalu. Iye anati: "Amalume, iyi ndi disiki ya m'kompyuta ya malemu bambo. Muli zithunzi za ukwati wao ndi za agogo, koma kompyuta yanga ilibe polowetsera. Kodi ndingotaya?" Ndinamuuza kuti ayambe wakhala pansi, pakuti kuthamanga sikufika. Zimene tinachita ndi zimene ndifuna tikambirane lero.

Choyamba, yang'anani kukamwa kwa disikiyo. Ngati kuli timano 40 m'mizere iwiri, imeneyo ndi ya mtundu wakale wotchedwa IDE, ndipo ya m'laputopu imakhala ndi timano 44. Kuyambira m'chaka cha 2003 kunafala mtundu wina wotchedwa SATA, umene polumikizira pake ndi pathyathyathya. Mitundu yonse iwiri ili ndi kachipangizo kolumikizira ku USB, kamene ogulitsa amati adaptador. Pokagula ku Tete kapena m'tauni ina, nyamulani disikiyo kuti aone okha. Onaninso doko la kompyuta yanu, chifukwa zina zatsopano zili ndi USB-C yokha, imene inatuluka mu 2014.

Chachiwiri ndi moto. Disiki yaing'ono ya m'laputopu imakhuta ndi mavoti 5 ochokera pa USB, koma yaikulu ya kompyuta ya patebulo imafunanso mavoti 12, choncho iyenera kukhala ndi chingwe chakechake cha magetsi. Ambiri amati disiki yafa pamene ingokhala ndi njala. Ngati yanu ndi yam'bokosi ndipo chaja chake chinatayika, musangotola chilichonse m'nyumba. Werengani manambala olembedwa pabokosipo, apo ayi muiwotcha. Nthawi zina chimafa ndi bokosi lokha, disiki ya m'kati ili bwinobwino.

Chachitatu, ndipo apa mutchere khutu. Mukalumikiza, kompyuta ikhoza kufunsa ngati mufuna "formatar". Musavomere ai! Kutero ndiko kuyatsa nkhokwe chimanga chili momwemo. Kawirikawiri funsoli limabwera chifukwa disikiyo inalembedwa ndi kompyuta ya mtundu wina, monga Mac kapena Linux, ndipo Windows yalephera kuiwerenga. Zulani bwino ndi kupita nayo kwa wodziwa. Safunsa anadya phula.

Mukamva disiki ikulira kuti tcheke tcheke mobwerezabwereza, zimitsani nthawi yomweyo. M'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi mbalezo, ndipo kakayamba kukanda, zithunzi zimapita osabweranso. Musaitsegule ndi sikuludilaiva kuti muone, pakuti fumbi lochepa chabe limaiwononga.

Nanga madisketi aja a m'masukulu ndi m'maofesi? Iliyonse imasunga 1,44 MB basi, moti chithunzi chimodzi cha foni ya lero kawirikawiri sichikwanamo. Kampani ya Sony inaleka kuwapanga mu 2011. Chowerengera chake cha USB chilipo, chimodzimodzinso cha ma CD, koma chinyezi, kutentha ndi maginito ndiwo anankafumbwe ake. Ngati muli nawo, musadikire chaka chamawa.

Ya mnyamata uja inali IDE yaikulu. Titaipatsa moto wake inazungulira, ndipo nkhope ya mlamu wanga inaonekera atavala suti ya ukwati. Tonse tinangoti chete. Tsiku lomwelo tinakopera zonse pa kompyuta ndi pa fulashi, ndipo zithunzi zofunika kwambiri tinakatsukitsa papepala kuti mai ake azipachike kukhoma.

Tsono ndinene mosabisa: disiki yakale ikadzuka, musaiyese kuti yachira. Mwina yakupatsani mpata womaliza. Koperani kaye zofunika, zithunzi za makolo, makalata a munda, kaundula wa mpingo kapena wa gulu la alimi, nyimbo ndi mafilimu pambuyo. Sungani malo awiri kapena atatu, kwina kukhale kwa m'bale wa mudzi wina. Mlimi wochenjera saika mbeu yake yonse m'chikwatu chimodzi.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.