Chingwe cha khonje cha agogo

Sabata yatha ndinakwera phiri la Zomba, ndipo m'mbali mwa damu la Mulunguzi ndinapeza ulusi wa nayiloni utakolana m'maudzu. Wina anawedza, ulusi unasokonekera, anangousiya. Ndinautola n'kuuika m'thumba, ndipo njira yonse yotsikira m'tauni ndinkangokumbukira agogo anga aamuna.

Iwo sankagula chingwe chowedzera. Ankadula tsamba lokhwima la khonje kumpanda, n'kuligoneka pa chipika, n'kumalipala ndi mpeni wobuntha mpaka kutsale timaulusi toyera. Madzi a khonje amayabwa zedi, moti ife ana tinkaonerera patali. Timaulusito tikauma, ankakhala pansi, n'kukwinya kabudula. Ankagawa ulusi pawiri, n'kulavulira pang'ono m'manja, n'kukankha ndi chikhatho pa ntchafu kuti mbali iliyonse ipoteke payokha, kenaka n'kubweza dzanja kuti ziwirizo zilukane. Ulusi ukamatha ankalowetsa wina pakati, osamanga mfundo, chifukwa pamfundo ndi pomwe mlamba umadulira. Chingwe chikatha ankachipaka matope kuti chide, nsomba zisachione. Ntchafu yawo yakumanja inalibe ubweya.

Ndi chingwe chimenecho tinkavuula milamba mumtsinje wa Likangala, nyambo yake nyongolotsi.

Luso limeneli ndi lakale kuno kuposa khonjeyo, amene anachokera ku Mexico. Makolo ankapota luzi la mlambe ndi la bwazi, ndipo David Livingstone, amene anafika kunyanja ya Chilwa mu 1859, analemba za maukonde a bwazi amene anawaona paulendo wake.

Sindikunyoza nayiloni. Msodzi wa ku Kachulu amene ana akumudikira sangathe tsiku lonse akupota, ndipo khonje amafooka akakhalitsa m'madzi. Koma kufookako n'kumene ndimakukonda. Chingwe cha agogo chikaduka chinkaola n'kutha. Nayiloni saola msanga. Ukonde wotayika umapitiriza kukola matemba ndi mbalame popanda woukoka, m'nyanja ya Chilwa imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo nsomba zake zimachita kuvutika kuti zibwererenso.

Chondiwawa n'choti mphwanga wa zaka khumi ndi ziwiri amawedza, koma sadziwa kuti chingwe chingatuluke m'tsamba. Ndamuuza kuti Loweruka tipite kumudzi. Khonje wa agogo akadalipo kumpanda, ndipo ndayesa kale pa ntchafu yanga: dzanja likukumbukirabe.