Mlandu wa Maliwu a Chingerezi

M'masukulu ambiri muli chiphunzitso china chimene chasocheretsa ana kwa zaka zambiri, ndipo popeza chituluka m'kamwa mwa anthu aulemu, palibe amene achitsutsa. Chiphunzitsocho ndi chakuti Chingerezi chili ndi mavawelo asanu, ndiwo a, e, i, o, u. Mwana aloweza zimenezi naziyimba pamodzi ndi anzake, koma tsiku limene ayamba kuyankhula ndi mlendo apeza kuti mlendoyo sakumumva. Pamenepo anthu amuseka, ena namunena kuti ndi wa lilime lolemera. Komatu mwanayo alibe mlandu. Mlandu uli pa iwo amene adamuonetsa malembo namubisira maliwu.

Lembo ndi liwu ndi zinthu ziwiri. Lembo lioneka ndi maso, liwu limveka ndi khutu. M'Chichewa ziwirizi zigwirizana bwino ndithu, pakuti malembo a liwu ndi asanu, maliwu akenso ndi asanu, kotero kuti amene waphunzira a wa mu bala adzamutchula chimodzimodzi mu nyama ndi mu phala. M'Chingerezi sizitero. Malembo ndi asanu omwewo, koma akatswiri a kamvekedwe ka mawu awerenga maliwu 20 m'kayankhulidwe ka kummwera kwa England, kamene mabuku ambiri ophunzitsira atsata. Mwa amenewa, 12 ndi oima pamalo amodzi, ndipo 8 ndi oyambira pena nkutsirizira pena, monga liwu la mu day ndi la mu boy. Lembo limodzi lokha la a limveka mosiyana mu cat, car, call, cake ndi about. Kodi tsono mwana amene adauzidwa kuti a ndi mmodzi adzadziwa bwanji kuti wakumana ndi maliwu asanu ovala malaya ofanana?

Chisokonezo chimenechi chili ndi mbiri yake. Kale Angerezi ankatchula a wa mu name monga a wa Chichewa wotalikitsidwa, i wa mu time monga i, ndi ou wa mu house monga u. Kuyambira cha m'ma 1400 kufikira cha m'ma 1700 maliwu ataliatali a chiyankhulo chawo adasuntha pang'onopang'ono, lililonse nkusiya malo ake akale m'kamwa. M'nyengo yomweyo, mu 1476, William Caxton adaimika makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo m'kupita kwa zaka kalembedwe kadakhazikika pamene katchulidwe kadali pa ulendo. Chifukwa chake mwana wolankhula Chichewa amene awerenga a monga a achita zomwe achita Mtaliyana ndi Mspanishi, amene adasunga malembo a Chilatini pafupi ndi maliwu ake akale. Amene adapatuka pa njira ndi Angerezi eni ake, ndipo kuseka mwana chifukwa cha kupatuka kwa ena ndi kusadziwa mbiri.

Oseka aja akadafunsa, akadamva kuti ngakhale ku Britain kulibe katchulidwe kamodzi. Amishoni amene adayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 adachokera ku Scotland, ndipo Dr Robert Laws adabadwira ku Aberdeen. Anthu ambiri a ku Scotland atchula full ndi fool ndi liwu limodzi, cot ndi caught chimodzimodzinso. Kumpoto kwa England cut ndi put amveka ndi vawelo yofanana, pamene ku London asiyana. Aamereka ambiri nawonso sasiyanitsa cot ndi caught. Katchulidwe kamene Daniel Jones wa ku University College London adalemba m'buku lake la matchulidwe la mu 1917 kadali ka anthu owerengeka ophunzira m'masukulu a anthu olemera, ndipo kufikira lero oyankhula motero ku Britain ndi ochepa. Ngati munthu wa ku Glasgow sachita manyazi ndi lilime la kwawo, wa ku Dowa achitirenji manyazi?

Pali gulu lina limene lilakwa mwa njira ina. Awa ndi iwo amene, atamva wailesi kapena kuonera kanema, ayamba kuyankhulira m'mphuno, kumeza mawu ndi kupotoza milomo, poyesa kuti pamenepo ndiye afika pa Chingerezi chenicheni. Munthu wotere akafunsidwa kuti atchule ship, chombo, ndi sheep, nkhosa, atchula mawu amodzi kawiri. Wakongoletsa denga la nyumba imene ilibe mizati. Choipa chachikulu nchakuti ana amuyesa wodziwa, natengera kupotoza kwake, nasiya chimene chikadawathandiza.

Koma gulu loopsa koposa ndi la iwo amene anena kuti nkhani yonseyi ilibe ntchito, pakuti womvera adzazindikira yekha tanthauzo poona nkhani imene ikukambidwa. Inde, nthawi zambiri azindikira, makamaka pamene oyankhulana ali a dziko limodzi, olakwitsa mofanana. Koma Chingerezi achiphunzira kuti akayankhulire ndi anthu a kutali, pa lamya, m'chipatala, m'bwalo la milandu ndi pofunsira ntchito. Namwino amene m'kamwa mwake heart, mtima, ndi hurt, kupweteka, amveka mofanana ndi hut, kanyumba, ndi hat, chipewa, adzavutitsa dokotala pa ola limene wodwala sangathe kudikira. Amene sasiyanitsa fifteen ndi fifty, ndiwo 15 ndi 50, angathe kuononga muyeso wa mankhwala kapena mtengo wa katundu. Live ndi kukhala, leave ndi kuchoka. Walk ndi kuyenda, work ndi kugwira ntchito. Anamwino ambiri a m'Malawi adapita kukagwira ntchito ku Britain m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo mayeso a IELTS, amene ofuna ntchito kapena maphunziro kunja alemba kawirikawiri, ayesa katchulidwe monga chimodzi mwa zinthu zinayi zopimira kayankhulidwe. Wonena kuti izi zilibe ntchito atseka khomo limene mwana wa mnzake akadalowera.

Chodabwitsa nchakuti dziko lidaika Chingerezi pamalo apamwamba ndithu. Mu 1968 chidakhazikitsidwa pamodzi ndi Chichewa kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale akhoze maphunziro ena. Koma mayeso olemba pa pepala sayesa khutu, ndipo chimene sichiyesedwa sichiphunzitsidwa mwakhama. Mwana angathe kutha zaka 12 pa sukulu wosamvapo kuti vawelo imene imveka kawirikawiri koposa zonse m'Chingerezi ndi kaliwu kofooka ka pakati pa kamwa, kamene kali koyambirira mu about ndi kotsiriza mu teacher. M'mawu akuti banana, a wapakati yekha ndiye amveka mwamphamvu, ndipo awiri enawo ndi kaliwu kofooka komweko.

Nanga choyenera kuchita nchiyani? Mu 2000 Jennifer Jenkins adatulutsa buku lofotokoza za katchulidwe ka anthu amene agwiritsa ntchito Chingerezi poyankhulana ndi a mitundu ina. Iye adaonetsa kuti chofunika kwambiri pa mavawelo ndi kusunga kusiyana kwa aatali ndi aafupi, ndiponso kutchula bwino liwu la mu bird ndi work. Zina zotsala munthu angathe kuzitchula monga mwa kwawo, malinga asazisinthesinthe. Apa pali ntchito imene mphunzitsi aliyense angaithe popanda makina. Ayambe ndi khutu, lilime libwere pambuyo. Atchule bed ndi bad, ana naloza chimene amva, mpaka khutu litazolowera. Atatero awaonetse chimene chichitika m'kamwa: potchula sheep lilime likwera kutsogolo, milomo itambasuka ndipo liwu litalika; potchula ship lilime litsikako pang'ono, lifewa, liwu nkudukira msanga; kuchoka pa bed kunka pa bad chibwano chitsika. Mphindi zochepa tsiku ndi tsiku zikwanira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndipo asanenepo munthu kuti khutu la mwana wa kuno ndi logontha. Mwana yemweyo asiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pomva kukwera ndi kutsika kwa liwu kokha, chinthu chimene Mngerezi achivutikira kwa zaka. Mwana wolankhula Chiyao adziwa kale kuti kutalikitsa vawelo kusintha tanthauzo la mawu, pakuti chiyankhulo chake chitero. Daniel Jones yemwe uja, pofuna kumva maliwu a Chitswana, adakhala pansi ndi Sol Plaatje wa ku South Africa namvetsera kwa iye, ndipo awiriwo adatulutsa buku lawo mu 1916. Katswiri wa ku London adayamba waphunzitsa khutu lake, wosayesa kuti malembo amuuza zonse. Safunsa adadya phula.

Chifukwa chake makoleji ophunzitsa aphunzitsi aleke kutulutsa anthu oloweza malembo asanu, ndipo aphunzitse maliwu onse ndi zizindikiro zake, zimene bungwe la akatswiri lokhazikitsidwa ku Paris mu 1886 lidakonza, ndipo zipezeka m'madikishonale ambiri a ophunzira. Oyang'anira maphunziro apatse kuyankhula ndi kumvetsera malo ake m'mayeso. Makolo ndi akulu aleke kuseka mwana amene akuyesa, pakuti woseka aphunzitsa mwana kutseka pakamwa, ndipo wotseka pakamwa saphunzira chiyankhulo. M'mera mpoyamba. Mwana amene wamva kusiyana kwa ship ndi sheep ali mu Sitandade 2 adzayankhula momveka kulikonse kumene adzapita, ndi lilime la kwawo lomwelo.